Pa Simenti

Hamala inagunda chitsulo, chitsulo chinagunda khoma, khoma linangothetheka moto. Fungo lake ndimalikumbukirabe, ngati la machesi amene akana kuyaka. Bambo anga anali pamwamba pa khoma la kuchipinda, atatang'adza ngati ali pa njinga, malaya atavula. Ine ndinali pansi ndi chikwanje chakale, kudikira njerwa yoti ndipale. Njerwa yoyamba inatsika ili pawiri. Yachiwiri inatsika ili patatu. Bambo analavulira m'manja n'kugundanso.

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira tsiku lonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Tinkakhala ku Zingwangwa, pa mzere wa nyumba zisanu ndi ziwiri kumtunda kwa khwawa, phiri la Soche lili kumbuyo kwathu. Anthu a msewu anali atabwera ndi penti yofiira n'kulemba mtanda pa khoma lililonse la mzere wathuwo. Anati msewu watsopano udutsa pomwepo, ndipo anatipatsa masabata atatu. Anatilozera malo ena ku Machinjiri, kumene nthawi imeneyo kunali tchire ndi miyala. Malo okha. Nyumba, aliyense anayenera kunyamula yake.

Kunyamula nyumba kunali kotheka, ndipo anthu a m'lokeshoni ankadziwa kachitidwe kake. Nyumba zambiri zinali za njerwa zowotcha koma zomangira matope. Matope sakakamira njerwa. Ukatsitsa malata ndi mitengo ya denga, umayambira pamwamba, kuigwedeza njerwa ndi dzanja, iyo n'kutuluka ngati dzino la mwana. Wina pansi amaipala ndi chikwanje kawiri katatu, n'kukhala ngati yachokera pa uvuni dzulo. Nyumba ya zipinda ziwiri inkatha m'masiku awiri. Ukaipakira pa lole n'kukaimanganso kwina, mvula imakupeza uli m'kati. Nyumba zisanu ndi imodzi za mzere wathu zinali zotero. Yotsalayo inali yathu, ndipo inali yomangira simenti kuyambira pa maziko mpaka pamwamba.

Bambo anga, a Alufandika, anali mmisiri womanga. Anachokera ku Nsanje pa sitima ali mnyamata, ndipo ntchito anaiphunzirira pa sitolo za amwenye ku Limbe, kuyambira kukanda matope mpaka kugwira chingwe ndi levulo. Ankati pamene ankafika, dera lathu lonse linali minda ya chimanga ndi nandolo. Ku Nkolokosa ndi kumene kunali nyumba za m'mizere, zofanana ngati mazira, za anthu olembedwa ntchito. Kwathu kuno munthu ankangofika, kukaonana ndi mwini munda, kukhoma zikhomo, basi. Nyumba zonse za mzere wathu anamanga ndi bambo, Loweruka ndi Lamlungu masana akachokera ku Misa. Anamangira matope chifukwa ndi zimene eni ake ankakwanitsa. Yawo yokha anakana kumangira matope. Inawatengera zaka zitatu, thumba limodzi la simenti pakutha pa mwezi, lobwera pa njinga. Mayi ankati chaka china tinadyera bonya yekhayekha chifukwa cha khoma la kumadzulo.

Nyumba za kwathu zinalibe manambala. Munthu ankapezeka ndi zizindikiro. Kumunsi kunali mlatho wa njanji ziwiri zakale zoyalapo matabwa, umene unkagwedera ukadutsapo ndi ndowa pamutu. Ukawoloka unkapeza mpopi, pamene zidebe zinkafola mzere kusanache eni ake ali m'nyumba, chidebe chilichonse chikusungira mwini wake malo. Kumtunda pang'ono kunali chigayo cha dizilo. Chikayamba kugunda tinkadziwa kuti tachedwa ku sukulu, chikazima tinkadziwa kuti mwini wake wapita kukadya. Panali mbawa yaikulu pamene abambo ankasewera bawo, mizu yake itasalala ndi matako a anthu. Panali mwala wathyathyathya pamene ankaphera mbuzi Loweruka, agalu atazungulira. Fungo la utsi wa makala, mafuta a mandasi ndi ngalande linkasakanikirana pamenepo, ndipo ine ndinkaganiza kuti dziko lonse limanunkhira choncho.

Chizindikiro china chinali nyumba yathu. Mizere ya simenti pakati pa njerwa inali yowongoka ngati ya m'kope, ndipo khonde linali lofiira, mayi ankalipaka polishi ndi chigoba cha kokonati mpaka nkhuku kuterereka. Anthu ankalondolera alendo kuti, ukafika pa simenti ukhotere kumanzere. Dzinalo linakhazikika. Lero pamenepo pali tala, malo omwetsera mafuta ndi sitolo za magalasi, ndipo chaka chino ayambanso kugwetsa zina kuti amange zosanja. Mbawa kulibe, chigayo kulibe, khwawa analilowetsa m'mapaipi. Koma makondakitala a minibasi amafuulabe kuti, "Pa Simenti otsika!" Tsiku lina ndinamufunsa mmodzi chifukwa chake amatchula choncho. Anati kale pankagulitsidwa simenti. Ndinamusiya.

Kalata ya anthu a msewu anatiwerengera ndi a Nyirenda pansi pa mbawa. Iwo anali a ku Rumphi, kalaliki wa mu ofesi ina m'tauni, munthu wovala tayi ngakhale kukutentha. Ankadikira kuti apatsidwe nyumba ku Nkolokosa, ndipo anadikira mpaka ana awo anakulira pa mzere wathu. Anawerenga m'Chingerezi, kenako anamasulira pang'onopang'ono. Amayi ena analira. Abambo anafunsa za lole, za madzi ku Machinjiri, za sukulu. Pomaliza a Nyirenda anapinda kalata n'kuyang'ana bambo.

"Adada, yanu ija itheka?"

"Itheka," anatero bambo.

"Tikupezereni anyamata okuthandizani?"

"Nkhabe."

Limenelo ndi liwu la kwawo lokanira, ndipo akalitchula nkhani inkathera pomwepo.

Sabata yoyamba yonse bambo nyumba yathu sanaikhudze. Anthu ankati nyumba imamvera amene anaimanga, ndiye aliyense ankabwera m'mawa pakhonde pathu, chipewa m'manja, kudzawapempha kuti akayambitse. Bambo sankakana. Ankakwera, kuchotsa mzere woyamba, kuwasonyeza pogwira, kenako n'kupitiriza okha mpaka dzuwa kupendeka. Ankadziwa pamene anaika mwala m'malo mwa njerwa, pamene felemu linakhomedwa ndi waya, khoma limene lingagwere munthu. Ife ana tinkapala njerwa n'kumaziunjika. Fumbi lofiira linalowa paliponse, m'tsitsi, m'mano, mu shuga. Nyumba zinkatsika ngati zikuvula. Unkaona khoma la m'kati mwa chipinda cha eni ake lili poyera, pali kalendala yakale ndi mwaye wa koloboyi. Mabanja anagona panja pakati pa milu ya njerwa zawo, atazika malata cham'mbali. Mayi ankayang'ana dzuwa, kuyang'ana bambo ali pa khoma la eni.

Lolemba la sabata yachiwiri ndi pamene tinayamba yathu. Denga linatsika bwino, zitseko ndi mawindo zinatuluka. Kenako hamala ija ndi chitsulo chosongoka. Simenti ya bambo inali yolimba kuposa njerwa zimene inagwira. Ukamenya pa mzere, mzere umakhala, njerwa ndi imene imasweka. Anayesa kulowetsa chitsulo cham'mbali. Anayesa kuthira madzi kuti mwina ifewa. Anabwereka sowo yodulira zitsulo, mano ake anatha tsiku lomwelo. Pofika Lachitatu, mulu wa zidutswa unali wofika m'chiuno mwanga, koma njerwa zathunthu zinali zoti n'kukwana mu wilibala imodzi. Ngakhale zimenezo zinali ndi simenti m'mbali, yoti chikwanje changa chinkangolira pamenepo osachotsa kanthu.

Khomo loyandikana ndi lathu linali la Mai a Joyi, mayi wa ku Thyolo wogulitsa mandasi, wamawu omveka mpaka ku mpopi. Kwa zaka zambiri bambo ankawaseka kuti akukhala m'chulu, ngakhale chulucho anamanga ndi bambo omwewo. Tsiku limenelo Mai a Joyi anabwera n'kuima pansi pa khoma, manja m'chiuno.

"Bambo a Dominiko, chulu changa chamanga kale katundu, chikungodikira lole ngati mkwatibwi. Nanga ya azunguyi ikwera liti?"

Bambo anagunda hamala.

"Kapena muinyamula pamutu yonse? Ndikubwerekeni nkhata?"

Amayi amene ankapala njerwa pafupi anaseka. Ine ndinamva kutentha m'makutu. Ndinkafuna bambo awayankhe, chifukwa pa bawo sankagonja pakamwa. Iwo anangosuntha chitsulo n'kugundanso. Mai a Joyi anakhalabe pamenepo pang'ono, kuseka kutawathera. Anayang'ana mulu wa zidutswa, anayang'ana manja a bambo amene anali atakulungidwa nsanza, magazi akuonekera. Anabwerera kwawo. Patapita nthawi anatuma Joyi ndi mandasi anayi m'mbale.

Mawa lake ndinaperekeza mayi ku mpopi. Ndili pa mzere ndinawafunsa chifukwa chake bambo sanamangire matope ngati anzawo, bwenzi titamaliza kalekale. Ndinafunsa mokwiya. Mayi anandiyang'ana nthawi yaitali, ndinkaganiza kuti andimenya. Kenako anandiuza kuti bambo ali msinkhu wangawo, madzi a Shire anasefukira m'mudzi mwawo. Iwo ndi mlongo wawo anakhala mumtengo masiku awiri. Ali m'mwambamo ankaona nyumba ya makolo awo, imene inali itangomangidwa kumene.

"Inasungunuka ngati shuga m'tiyi, akuona," anatero mayi. "Usadzawafunse. Senza."

Ndinasenza. Sindinamvetse kwenikweni. Ku Zingwangwa kunalibe Shire, kunali kakhwawa koti n'kulumpha.

Kumapeto kwa sabata imeneyo anadula mbawa. Anabwera amuna anayi ndi nkhwangwa ndi zingwe, ndipo inawatengera tsiku lonse. Itagwa, malo onse anaoneka amaliseche, phiri la Soche linayandikira. Abambo a bawo anasamutsira thabwa lawo pa mwala wophera mbuzi, koma masewero sankakoma, ankangokhala. Chigayo anachimasula n'kuchikweza pa thirakitala. M'mawa mwake ndinachedwa kudzuka chifukwa kunali zii. Phokoso lokha limene linatsala pa mzere wonse linali hamala ya bambo.

Lachiwiri la sabata yomaliza kunagwa chizimalupsa. Mitambo inasonkhana pa Soche masana, mphepo inaulutsa mapepala ndi fumbi, kenako madontho akuluakulu. Mvulayo inagwa kanthawi kochepa chabe, koma inanyowetsa mphasa, mabulangete ndi ufa. Fungo la dothi lonyowa, limene zaka zina tinkalivinira, tsiku limenelo linaopsa aliyense. Mvula yeniyeni inali pafupi. Anzathu anali ndi njerwa zokamangira. Ife tinali ndi malata, zitseko ziwiri, mawindo atatu, ndi mlongo wanga wa miyezi isanu amene ankatsokomola. Bambo anatsika pa khoma, anayang'ana kumwamba, anayang'ana kamulu kawo. Madzulo anauza mayi kuti mawa alawirira ku Machinjiri kukalambula malo ndi kukumba maziko, akakhala komweko masiku awiri. Zoti adzamanga ndi chiyani pa mazikowo sananene.

Atangochoka m'mawa, Mai a Joyi anafika atamanga chitenje cholimba m'chiuno ndi mpango kumutu. Pa mzere wathu panali mwambo. Pakagwa maliro, iwo ndi amene ankayenda ndi beseni khomo ndi khomo kusonkhetsa ufa, ndipo panalibe wofunsa kuti wamwalirayo anali wa mpingo uti kapena wochokera kuti. Unkangotapa mbale imodzi n'kuthira. Tsiku limenelo sanatenge beseni. Analoza wilibala ya bambo.

"Dominiko, gwira iyo. Tiye."

Mayi anatuluka m'kachisakasa ka malata mmene tinkagona, mwana ali kumsana. "Amayi, bambo ake akamva adzandipitikitsa."

"Apitikitse ineyo. Nyumba yafa iyi. Akafa munthu timasonkha, ikafa nyumba tizingoonerera?"

Tinayamba ndi mulu wawo womwe. Anadzaza wilibala kasanu, akusankha zabwino zokhazokha, zolira ngati belu ukazigogoda. Kenako tinayenda mulu ndi mulu. Pofika ankangoti, "Odi, zamaliro," monga ankanenera masiku onse, ndipo anthu ankayamba aseka, kenako n'kudzuka kukatapa. Palibe amene anali ndi njerwa zotsala. Aliyense ankadziwa kuti zimene akuperekazo ndi khoma la bafa, kapena mizere iwiri ya pamwamba, nyumba yake idzafupika. Mkulu wina wa pa bawo, amene bambo ankamudya nkhomo tsiku lililonse, anayamba kutisankhira zopserera ndi zokhota. Mai a Joyi anazitulutsa mu wilibala imodziimodzi n'kuziika pa mapazi ake.

"Pa maliro mumapereka gaga inu?"

Mkuluyo anang'ung'udza, koma anasintha.

A Nyirenda tinawapeza akukonzeka kupita ku ntchito, akumanga tayi pa kagalasi kokoleka pa mtengo wa papaya. Anamvetsera, kenako analoza mulu wonse wapadera umene unali kumbuyo.

"Iyo inali khitchini. Tengani yonse. Amama aziphikira panja ngati anzawo."

Akazi awo anawayang'ana ndi diso loti nkhaniyi sinathe, koma iwo omwe ndi amene anandithandiza kupakira.

Ndinakankha wilibala masiku awiri. M'manja munatuluka matuza, anaphulika, anatulukanso. Njerwazo tinaziunjika kuseli kwa khoma lathu n'kuphimba ndi malata ndi mphasa. Mayi, amene anakhala ndi mmisiri zaka zambiri, anaziyeza ndi maso n'kunena kuti chipinda chimodzi chituluka, chachikulu bwino, mwina ndi kakhonde. Anandigwira phewa n'kundiuza kuti pakamwa panga pakhale potseka. Bambo anabwera Lachinayi dzuwa litalowa, matope ofiira mpaka m'mawondo. Anasamba, anadya, anagona. Kuseli sanapiteko.

Lachisanu linali tsiku lomaliza. Lole imene mzere wonse unapangana kubwereka inayamba kututa m'mamawa, ndipo ulendo wathu unali wachitatu. Bambo anakwera pa khoma kusanatenthe, ngati kuti m'maola awiri angachite zimene zinakanika m'masabata awiri. Ali pamwambapo, anyamata a lole anavundukula malata kuseli n'kuyamba kuponyerana njerwa. Hamala inasiya kulira. Ndinawaona akutsika pang'onopang'ono. Anazungulira khoma, anaima pa muluwo. Mayi anali chapatali, akunamizira kumanga mtolo wa ziwiya. Mai a Joyi anabwera dala n'kuima poonekera.

Bambo anatola njerwa imodzi, anaitembenuza, anaipala ndi chikhadabo.

"Khitchini ya a Nyirenda," anatero.

Anatola ina yakuda mbali imodzi. Sanatchule dzina, anangoyang'ana Mai a Joyi. Iwo anayang'ananso osaphethira. Njerwa zonsezo zinali zitadutsapo m'manja mwa bambo kawiri, pomanga ndi pogwetsa, ndipo ankazidziwa ngati mbusa adziwira mbuzi zake. Ndinkadikira liwu lija la kwawo. Ndinali nditaona kale m'maganizo mwanga ndikubweza wilibala khomo ndi khomo. Njerwa ija inali idakali m'manja mwa bambo. Kenako anayang'ana m'lole, mmene anyamata anali ataponyamo njerwa chisawawa.

"Wapakira ndani chonchi? Zikafika zili ufa. Tsikani."

Anakwera okha. Anayamba kuziimika cham'mbali, mothinana, mzere ndi mzere, akutsekera udzu m'mipata. Ine ndinkawapatsira. Mayi anatembenukira ku phiri n'kupukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje. Mai a Joyi anati, "Hm," n'kupita kukaona mafuta awo pamoto.

Katapila inafika dzuwa litakwera. Tinaimva isanaoneke, nthaka ikunjenjemera pansi pa mapazi. Inali yachikasu, utsi wakuda ukutuluka pa mpope wa pamwamba, ndipo anthu a Zingwangwa yense anabwera kudzaonerera. Ana anadzaza pa mwala wophera mbuzi ndi pa chitsa cha mbawa. Woyendetsa anali bambo wonenepa wa chipewa cha nsalu, akutafuna nzimbe. Anayambira kumunsi. Maziko a nyumba zisanu ndi imodzi, zimbudzi, makola a nkhuku, mtengo wa papaya wa a Nyirenda, zonse anazikankha ngati akusesa pabwalo, osasiya n'komwe kutafuna. Kenako anafika pa yathu. Inalibe denga, inalibe zitseko, ndipo pa ngodya imodzi panali pogumuka pamene bambo anavutikira masabata awiri. Kwina konse makoma anali chilili, mtanda wofiira uli pakati.

Anaika chitsulo chake pa khoma la kumadzulo n'kukankha. Khoma silinasunthe. Injini inabangula, matcheni a pansi anayamba kukumba dothi pamalo amodzi. Anthu anati, "Eee!" Woyendetsa anataya nzimbe. Anabwerera m'mbuyo, anabweranso ndi liwiro. Chinamveka chiphokoso mpaka m'mano, fumbi linadumpha pa khoma lonse, koma fumbilo litatha khoma linali pomwepo. Ana anayamba kukuwa ndi kuvina pa mwala. Wina anaimba mluzu. Ine ndinakuwa nawo, mpaka mayi ananditsina.

Kachitatu anakweza chitsulocho m'mwamba, anagwira khoma kumutu, nakankha pang'onopang'ono osaleka. Linapendekeka. Silinagumuke ngati makoma ena. Linazuka ndi maziko omwe, lonse lathunthu, n'kugwa chagada ngati chitseko. Nthaka inagunda, zidebe zinagubuduka pa mpopi. Fumbi litakhazikika, khoma linali gone pansi, mizere yake ili yowongoka monga linalili chilili, ndi bowo la windo pakati.

Woyendetsa anazimitsa injini. Kunakhala bata loti nyenje zinamvekanso. Anatsika, anakwera pa khoma logonalo n'kuyendapo ngati ali pa mlatho. Analiponda ndi chidendene. Ananjuta, anatulutsa kiyi m'thumba n'kukanda pa mzere wa simenti. Kiyiyo sinasiye ngakhale kachizindikiro. Anadzuka, anakankhira chipewa kumbuyo, anayang'ana gulu lonse.

"Ndagwetsa nyumba zambiri ine, za azungu zomwe. Iyi anamanga ndani?"

Mitu yonse inatembenukira kumodzi. Bambo anali ataima pambali pa lole, nsanza zili m'manja, fumbi lofiira mpaka m'nsidze. Mai a Joyi ndi amene analankhula, ndipo sanaseke.

"Ndi awo. A Alufandika."

Tsiku limenelo ndinkaganiza kuti bambo achita manyazi. Nyumba yawo inali itagwa anthu onse akuona, m'lole munali njerwa zopatsidwa, ndipo mlendo ankawaloza pagulu. Ndinawakwiyira woyendetsa uja zaka zambiri. Ine ndinatsata ntchito ya bambo, ndipo tsopano ndapitirira msinkhu umene anali nawo tsiku lija. Ndamanga nyumba ku Chilomoni, ku Bangwe, ku Misesa, ndipo palibe mwini nyumba amene anabwerapo kudzandiuza kuti khoma lija ndi lolimba. Sangadziwe. Likaima amati ndi mmene makoma amakhalira. Mmisiri amamva za ntchito yake tsiku limene akuigwetsa, ndipo ambiri amafa osamva. Bambo anamva, pamaso pa mkazi wawo ndi mzere wonse. Kungoti chimene ankayamikiridwacho n'chomwe chinawasiya opanda nyumba. Sindidziwa kuti munthu angayankhe chiyani pamenepo. Ine mpaka lero sindinalipeze liwu lake.

Woyendetsa anatsika pa khoma n'kuyamba kubwera kwa bambo, dzanja atatambasula. Dalaivala wa lole analiza hutala kuti tikwere. Mayi anali kale pamwamba pa katundu ndi mwana, atawasungira bambo malo pa mtolo wa mabulangete. Bambo anawerama, anatola hamala ndi chitsulo chawo. Anaika hamala paphewa. Anadutsa pambali pa dzanja lija, anadutsa lole, anatsetsereka kunjira ya ku mpopi. Anthu anawapatukira. Ndinawaona akuwoloka mlatho wa njanji, matabwa akugwedera, osacheuka.